Mwaitanidwa ku ukwati wa kunja? Yambirani pa ola la mwambo n'kumabwerera m'mbuyo

Khadi la ukwati likafika, pansi pake palembedwa Santorini, Zanzibar, Cape Town kapena Bali, ambirife timathamangira kuganiza chovala. Chovala chiyambe chadikira. Ulendo wa ku ukwati umasiyana ndi maulendo ena pa chinthu chimodzi: tsiku ndi ola anazikhazikitsa kale anthu ena, ndipo sizisuntha chifukwa cha inu. Mukachedwa ndi tsiku limodzi pa ulendo wokacheza, mwangotaya tsikulo. Mukachedwa ndi maola atatu ku ukwati, ndalama zonse zija mwalipirira keke yotsala ndi zithunzi za m'foni mwa ena. N'chifukwa chake ine ndimalemba tsiku ndi ola la mwambo pamwamba pa pepala, n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo mpaka lero. Zili m'munsimu zikutsata njira imeneyo.

Sabata yomwe khadi lafika

Musanayankhe kuti mubwera, tengani pasipoti muitsegule. Musadalire kukumbukira, muone ndi maso tsiku lomwe ikutha ntchito, tsiku lomwe inaperekedwa, ndi masamba opanda chidindo omwe atsala. Indonesia ndi Tanzania amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo. South Africa imafuna masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'dzikomo, komanso masamba awiri opanda kanthu. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa viza imodzi, amafuna miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka, ndipo pasipotiyo ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Amene adzayambe kukubwezani si wa m'malire a kumene mukupita, ayi. Ndi kalaliki wa kampani ya ndege, musanakwere n'komwe, chifukwa akanyamula munthu wa mapepala osakwanira amalipitsidwa chindapusa n'kumubweza ndi ndalama zawo. Kumudandaulira kuti ndi ukwati wa mng'ono wanu sikusintha kanthu.

Kenako lemberani eni ukwati uthenga umodzi wokha, mafunso onse momwemo: dzina ndi keyala yeniyeni ya malo a mwambo, zochitika zonse ndi masiku ake (maukwati oterewa amatenga masiku awiri kapena atatu, kuyambira chakudya cholandirira alendo madzulo a dzulo lake), ngati pali hotela yomwe asungitsa zipinda za alendo, ngati pali basi yonyamula anthu, komanso ngati ana aitanidwa. Ndanena kuti uthenga umodzi dala. Mkwati ndi mkwatibwi ali ndi alendo makumi angapo, aliyense akamafunsa kamodzikamodzi foni yawo siizizira.

Werengerani ndalama moona mtima: tikiti, malo ogona, viza, inshuwalansi, mayendedwe a kumeneko, chakudya cha masiku omwe si a phwando, ndi masiku a tchuthi kuntchito. Zikakanika, kanani msanga. Malo a maukwati amalipiritsa potengera chiwerengero cha anthu, ndiye wokana kutatsala miyezi isanu wawachitira chifundo eni ukwati kuposa wovomera n'kudzasiya mpando wopanda munthu.

Viza, komwe ambiri amagwera

Ngati mukufunika viza kapena ayi zimatengera pasipoti yomwe muli nayo, osati dziko lomwe mukukhala, ndipo zomwe mnzanu anachita chaka chatha si umboni. Onani pa tsamba la boma la dzikolo kapena la ofesi ya kazembe wawo. Samalani ndi masamba a pa intaneti ovala ngati a boma, okhala ndi mbendera ndi chidindo, omwe amangokudzazirani fomu yomweyo n'kukudulani mtengo wowirikiza.

Titenge chitsanzo cha Schengen poti maukwati ambiri a ku Italy, Greece, France ndi Portugal amagwera mmenemo. Ndi mayiko 29 ogwiritsa viza imodzi, yomwe imalola masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse. Mumafunsira ku dziko lomwe mukakhaleko masiku ambiri, osati lomwe mzere wake ndi waufupi. Pempho mungalipereke kutatsala miyezi 6, ndipo lisachedwe kuposa masiku 15 ulendo usanachitike. Yankho limatenga masiku 15, koma akafuna kufufuza zambiri limafika masiku 45. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa munthu wamkulu ndi mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Koma chomwe chimaliza anthu si masiku 15 amenewo. Ndi kupeza tsiku lokaonekera kuti akujambuleni zidindo za zala. Maukwati a ku Ulaya amachuluka pakati pa Meyi ndi Seputembala, nthawi yomwenso aliyense akufuna viza, ndiye malo okaonekera amatha kudzaza masabata ambiri kutsogolo. Sungitsani tsiku lokaonekera poyamba, mapepala muzisonkhanitsa mukudikira. Ndipo musaiwale kuti United Kingdom ndi Ireland sali mu Schengen. Ngati mukufuna kudutsira ku London kukaona abale ukwati ukatha, imeneyo ndi viza ina, mzere wina.

Khadi la ukwati palokha, ngakhale likhale la zilembo zagolide, si kalata yokuitanani. Pemphani kalata yeniyeni yokhala ndi dzina lanu monga lilili mu pasipoti, ubale wanu ndi okwatiranawo, masiku, malo, ndi yemwe akulipira chiyani. Wopereka viza ali ndi funso limodzi m'mutu mwake: kodi munthuyu abwerera kwawo? Kalata ya kuntchito yosonyeza tsiku lomwe mudzayambirenso ntchito imayankha funsoli bwino kuposa china chilichonse. Za kubanki, musabwereke ndalama zambiri n'kuziponya mu akaunti sabata yofunsira viza. Amaona miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo ndalama yotulukira mwadzidzidzi imadzutsa mafunso m'malo mowatseka. Tikiti yosabwezeka ndalama musagule viza isanatuluke. Sungitsani malo, kapena gulani yomwe mungaisinthe.

Pali msampha wina womwe anthu sauganizira: dziko longodutsamo. Ku United States kulibe zongodutsa, aliyense wosinthira ndege kumeneko amalowa m'dzikomo kaye, ndiye amafunika viza kapena chilolezo cha pa intaneti chotchedwa ESTA. Izi zimakhudza kwambiri opita ku maukwati a ku Mexico ndi zilumba za Caribbean. Ulendo wotera kawiri mkati mwa Schengen, tinene Frankfurt kenako Madrid, umatanthauza kuti mwalowa, ngakhale mukupita kwina. Chimodzimodzi ku London, kutsikira pa bwalo la Heathrow n'kukakwerera pa la Gatwick. Tikiti yotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri imakhala ndi chimodzi mwa zimenezi mkati.

Osafunika viza nawonso asagone. Kenya kuyambira Januwale 2024 imagwiritsa chilolezo cha pa intaneti chotchedwa eTA, United Kingdom ili ndi ETA yake, ndipo Zanzibar kuyambira Okutobala 2024 imafuna alendo agule inshuwalansi ya komweko ngakhale ali nayo ina.

Kwa dokotala

Pitani kutatsala masabata 6 kapena 8. Mayiko ena amafuna khadi lachikasu la katemera wa yellow fever ngati mukuchokera ku dziko lomwe kuli matendawa, ndipo ambiri amawerengera ngakhale kungokhala pa bwalo la ndege la dziko lotero maola opitirira 12. Khadilo limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye kubayitsa sabata ya ulendo n'kungodzipweteka mkono. Ubwino wake, kuyambira 2016 bungwe la WHO linakhazikitsa kuti katemera mmodzi ndi wa moyo wonse. Ngati kumene mukupita kuli malungo, funsani za mankhwala oteteza, ena amayambidwa musananyamuke. Mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku akhale m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala. Codeine, mankhwala opha ululu, amaletsedwa kulowa naye popanda chilolezo ku United Arab Emirates, ndipo Japan imakaniza mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine.

Tikiti

Lamulo langa ndi ili: ndifike kutatsala masiku awiri athunthu mwambo woyamba usanachitike, osati tsiku la ukwati, mwambo woyamba. Tsiku limodzi ndi la ndege yochedwa kapena sutikesi yosochera, linalo ndi la thupi. Mukadutsa mayiko osiyana nthawi ndi maola 6 kapena 7, thupi limatenga masiku kuti lizolowere, ndipo kupita chakum'mawa kumavuta kuposa kumadzulo. Palibe amene amafuna kujambulidwa akuwodzera pa nthawi ya malumbiro. Ngati ndinu woperekeza kapena muli ndi mbali yolankhula, onjezani tsiku lina.

Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani ili ndi udindo wokukwezani ina popanda kulipira. Mukagula zidutswazidutswa kwa makampani osiyana pofuna kupulumutsa pang'ono, yachiwiriyo imangokulembani kuti simunabwere, ndipo katundu mumamutenga nokha n'kukamuperekanso. Posinthira ndege siyani maola awiri kapena atatu, makamaka ngati pali kudindidwa pasipoti. Pewaninso ndege yomaliza ya tsiku kupita ku chilumba kapena katauni kakang'ono, ikalephereka palibe ina kumbuyo kwake.

Dzina pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Amayi omwe anasintha dzina atakwatiwa koma pasipoti ikadali ya dzina la kwawo, lembani la mu pasipoti. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za malo omwe ndege ikunyamukira kapena kuterako, osati za kwanu. Ndipo ndege ya 00:30 pa 14 mumapita ku bwalo usiku wa pa 13. Zimaoneka zachibwana kuzinena, koma anthu akuluakulu afikapo ndi masutikesi awo patatha maola 24 ndege itapita.

Onetsetsaninso bwalo lenilenilo. Beauvais amaigulitsa ngati Paris koma ili makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo. Frankfurt-Hahn ili makilomita oposa 100 kuchokera ku Frankfurt. Bergamo si Milan. Yang'anani zilembo zitatu zoimira bwalo zomwe zili pa tikiti, muziike pa mapu pamodzi ndi malo a ukwati.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Ku Caribbean nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala. Ku zilumba za Greece mphepo ya meltemi imakalipa mu Julayi ndi Ogasiti mpaka sitima zapamadzi, makamaka zing'onozing'ono zothamanga, zimaimitsidwa. Ku Bali pa tsiku la Nyepi, lomwe kawirikawiri limagwa mu Malichi, chilumba chonse chimakhala chete ndipo bwalo la ndege limatsekedwa maola 24. Pobwerera, musasankhe ndege ya mbandakucha wa tsiku lotsatira phwando. Mudzadzuka mochedwa, kapena mudzachoka pabwalo nyimbo zitangoyamba kukoma.

Tsiku lomwe mwalipira tikiti, gulaninso inshuwalansi ya ulendo, chifukwa yoteteza kulephereka kwa ulendo imagwira pa zomwe zachitika mutaigula kale. Werengani timalemba ting'onoting'ono. Zambiri zimalipira mukadwala kapena kuferedwa, koma okwatiranawo akakangana n'kuimitsa ukwati, imeneyo ndi nkhani yanu.

Kuchoka pa bwalo la ndege kukafika pa khomo la mwambo

Apa ndi pomwe mapulani ambiri amathera, ngati kuti ndege imatera pa guwa. Malo okongola a maukwati amakongola chifukwa ali kutali. Ukwati wa ku Positano kapena Ravello ku Italy mumatsikira ku Naples, kenako msewu wopapatiza wokhotakhota m'mphepete mwa phiri, womwe nthawi yotentha umadzaza mabasi a alendo. Pa mapu pamaoneka pafupi, pa wotchi ayi. Ku Santorini matakisi ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lotsika ndege ndi sitima. Sungitsani galimoto yodzakutengani musananyamuke, mupereke nambala ya ndege kuti oyendetsa adziwe mukachedwa.

Funso lomwe limaiwalika ndi lobwerera usiku. Kupita aliyense amafika. Koma phwando likatha 1 koloko usiku pa munda wa mpesa kunja kwa tauni, takisi ya pa foni simuipeza. Funsani nthawi yomwe basi yomaliza ya alendo ikunyamuka, ndipo ngati palibe, panganani ndi oyendetsa masana. Malo ogona sankhani poganizira zimenezi. Chipinda chotchipa chomwe chili mphindi 40 kutali chimadya zomwe mwapulumutsa pa maulendo anayi a takisi. Ngati eni ukwati asungitsa zipinda pa mtengo wa gulu, pamakhala tsiku lomwe hotela imamasula zotsala, musalidutsitse. Komanso zipinda zambiri amapereka cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndiye wofika 6 koloko m'mawa apemphe kulowa msanga kapena alipire usiku wa dzulo lake.

Wofuna kubwereka galimoto afufuze ngati pakufunika laisensi ya mayiko onse, yomwe imatengedwa kwanu musanachoke, komanso mbali ya msewu yomwe amayendera. Makampani ambiri amafuna kirediti kadi ya dzina la woyendetsa kuti atsekerepo chikole. Ndipo woyendetsayo avomere kuti pa phwando samwa.

Alendo tsegulani gulu lanu la WhatsApp, mopanda mkwati ndi mkwatibwi. Mmenemo ndi mogawana takisi, modziwitsana kuti ndege yachedwa, mobwerekana simbi. Pakhale munthu mmodzi, mlongo wa mkwatibwi kapena wokonza ukwati, woti aziimbiridwa zinthu zikavuta.

Kulongedza

Chovala cha ukwati, nsapato zake, ndi zonse zomwe simungalowe nazo pa mwambo zitasowa, zilowe m'chikwama cha m'manja. Izi ndinaziphunzira kwa mlamu wanga. Tinaima limodzi pa lamba wa katundu, masutikesi akuzungulira, anthu akutenga awo n'kumapita. Panatsala kasutikesi kamodzi kofiira ka munthu wina, kakuzungulira kokha, kenako lamba anaima. Suti yake inali itatsalira komwe tinasinthira ndege, ndipo ukwati unali mawa lake 3 koloko. Tinakhalira kuzungulira masitolo m'mawa wonse, iye akuyesa majekete a manja aafupi, mlongo wanga akungoyang'ana wotchi osalankhula. Pa zithunzi zonse waima kumbuyo, manja atawabisa. Sutikesi inafika tsiku lomwe tinkabwerera.

Suti ipindeni chotembenuza, phewa lina kulowa mu linzake, diresi muliike m'thumba la pulasitiki lopyapyala kuti lisakwinyike kwambiri. Mukangofika zipachikeni m'bafa mukusamba madzi otentha, nthunzi imawongola zambiri. Funsani za pansi pomwe mwambo uchitikire: nsapato za gogoda zimamira mumchenga ndi pa kapinga.

Pa mabwalo ambiri a ndege zamadzimadzi m'chikwama cha m'manja zisapose mamililita 100 botolo lililonse, lamulo lomwe linayamba mu 2006. Perefyumu yanu ya botolo lalikulu idzatsala m'bini ya achitetezo. Power bank ndi mabatire apadera saloledwa mu sutikesi yopita pansi pa ndege, zikhale nanu. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa sutikesi ndi 7 kapena 8 m'manja, koma ndege zotchipa ndi tindege ta ku zilumba timalola zochepa, ndiye tsatani muyeso wa ndege yaing'ono kwambiri pa ulendo wanu. Mphatso musaikulunge, achitetezo akhoza kuing'amba. Kunena zoona, mphatso yolemera musanyamule n'komwe, okwatiranawo nawonso akubwerera pa ndege. Itumizeni kunyumba kwawo kapena perekani ndalama m'njira yomwe iwo anena.

Tengani adaputala yoyenera. Mapulagi a ku United Kingdom, a ku Ulaya, a ku South Africa ndi a ku America onse ndi osiyana, ndipo magetsi a ku United States ndi Mexico ndi a mavoti ozungulira 120 pomwe ku Ulaya ndi 230. Tchaja ya foni imalandira onse, koma chowumitsira tsitsi kapena chowongolera chikhoza kupsa. Werengani zolembedwa pa chipangizocho.

Dziwitsani banki kuti mukuyenda, nyamulani makhadi awiri osungidwa mosiyana, ndi ndalama pang'ono za dzikolo zolipirira takisi yoyamba. Makina olipirira akakufunsani ngati mulipire mu ndalama ya kwanu kapena ya komweko, sankhani ya komweko, inayo amasintha pa mtengo wawo wokudyerani. Wolowa mu European Union ndi mayuro 10,000 kapena kuposerapo, kapena mu United States ndi madola opitirira 10,000, ayenera kulembetsa. Izi zikhudza amene watumidwa kunyamula ndalama za mphatso za banja lonse.

Pasipoti, viza, inshuwalansi, keyala ya hotela ndi nambala za anthu awiri a kumeneko zijambuleni m'foni, zina muzisindikize pa pepala. Foni imatha moto nthawi yomwe wa m'malire akukufunsani komwe mukagone.

Zikavuta panjira

Sutikesi ikapanda kutuluka, musachoke m'chipinda cha katundu musanalembetse pa desiki ya kampani ya ndege. Akupatsani pepala lokhala ndi nambala yolondolera, ndipo adzafuna kasitika kaja anakumatirani pa tikiti popereka katundu, ndiye musakataye. Perekani keyala ya hotela. Gulani zofunika zokha n'kusunga malisiti. Pansi pa pangano la Montreal la 1999, lomwe mayiko ambiri anasainira, madandaulo a katundu wowonongeka amalembedwa pasanathe masiku 7, a wochedwa pasanathe masiku 21 chimulandirireni, ndipo katundu akapanda kufika pakatha masiku 21 mungamufunire chipukuta misozi ngati wotayika.

Ndege ikalephereka, imani pa mzere koma foni ili kukhutu kapena pulogalamu ya kampaniyo ili yotsegula, chifukwa mipando ya ndege yotsatira imatha mukadali pa mzerewo. Nenani tsiku ndi ola lomwe muyenera kukhala mutafika, ndipo funsani za mabwalo ena oyandikira. Pa ndege zonyamukira mu European Union, kapena zolowamo za makampani a komweko, lamulo nambala 261 la 2004 limapereka mayuro 250 mpaka 600 mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, pokhapokha chifukwa chake chikhale chonga nyengo yoipa. Zimenezo mudzazitsata mutabwerera. Panopa lembani pa gulu la alendo, osati kwa mkwatibwi.

Dzulo la ukwati, pitani kapena funsani ku hotela kuti ulendo wa ku malo a mwambo umatenga mphindi zingati pa ola lomwelo, muonjezepo 30. Onani kuti wotchi ya foni yasintha kutsata nthawi ya komweko, tcherani alamu awiri, pasipoti muitsekere mu sefa ya m'chipinda. M'thumba la jekete kapena m'kachikwama muike khadi la hotela lokhala ndi keyala, ndalama ya takisi yobwerera, ndi timapulasitala tiwiri ta zidendene.